TIKANA ZOPIMA MIKODZO YA OSAUKA A KU CHAMA

Pali mau amene ayamba kumveka m'dziko muno, makamaka pakati pa apamwamba a m'matauni ndi ena amene akangomva kanthu kocokera kutsidya la nyanja athamanga nako osayamba asinkhasinkha. Mauwo ndi akuti ndalama zimene Boma lipereka kwa mabanja osowa, zija zichedwa Social Cash Transfer, zingothera ku kacasu ndi ku camba. Iwo akuti mankhwala a nthenda imeneyi ndi kupima mkodzo kapena magazi a munthu aliyense asanalandire ngwee ngakhale imodzi, ndipo wopezeka ndi camba m'thupi afafanizidwe m'buku la olandira.

Lamulo lotere m'Zambia mulibe, ndipo Boma silinachere msampha wotere pa khomo la thandizo limeneli. Koma bodza likanenedwa kawirikawiri pa wailesi, m'mabasi ndi m'mabawa, limera mizu, ndipo tsiku lina lidzagogoda pa citseko ca Nyumba ya Malamulo litavala jekete ndi tayi. Ndi cifukwa cace tsamba lino laona kuti nkoyenera kuyankha tsopano, udzu usanakule. Tiyankha m'dzina la anthu a m'boma la Chama, pakuti lamulo lililonse lonena za osauka liyenera kuyesedwa kumene umphawi uli.

NDANI ALANDIRA NDALAMA ZIMENEZI?

Tiyambe ndi funso limene olankhulawo salifunsa konse. Kodi m'buku limenelo mwalembedwa ayani? Unduna woona za citukuko ca m'midzi ndi umoyo wa anthu ulemba mabanja osowa amene ali ndi nkhalamba, mabanja amene ali ndi munthu wolemala kwambiri, mabanja amene ali ndi wodwala nthenda yamgonagona, mabanja olamulidwa ndi ana amasiye, ndi mabanja a mai amene alera yekha ana atatu kapena oposa pamenepo. Maina sagwa kumwamba. Makomiti a m'midzi, amene adziwika ndi dzina lakuti CWAC, athandiza kupeza mabanjawo, anchito a Boma aona mmene pakhomo paliri, ndipo maina awerengedwa pamaso pa anthu a m'mudzi momwemo kuti wotsutsa atsutse.

Awa ndiwo anthu amene ena afuna kuti aime pa mzere ndi kabotolo m'manja. Agogo a zaka 70 amene alera adzukulu anai osiyidwa ndi ana awo omwalira. Mnyamata amene sanayendepo cibadwire. Mtsikana wa zaka 16 amene akhala mai ndi bambo wa azing'ono ace. Kodi pali mbadwa ya Zambia yoleredwa pa mwambo imene ingauze agogo ace kuti, "Lowani kuseri kwa sukuluku mukodzere umu, tikaone ngati muyenera kudya"?

Nanga ndalama zace ndi zingati? Mu 2022 banja linali kulandira K200 pa mwezi, ndipo banja lokhala ndi wolemala K400, zolipidwa pa miyezi iwiri iliyonse. Pamene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, Boma linawonjezera thandizo kuti anthu asafe ndi njala. Caka comweco thumba la ufa la makilogalamu 25 linapitirira K300 m'masitolo ambiri. Aliyense wodziwa kuwerengera aone yekha ngati pa ndalama yotere patsala ya cisangalalo.

NJALA YA M'CIGWA CA LUANGWA

Boma la Chama ndi lalikulu ndipo midzi yace ndi yotalikirana. Linali m'cigawo ca Kum'mawa, linaikidwa m'cigawo ca Muchinga mu 2011, ndipo linabwezedwa Kum'mawa mu 2021. Muli maiko a mafumu Kambombo, Tembwe, Chikwa, Chifunda, Chibale, Lundu ndi Mulilo. Anthu ace, Asenga ndi anansi awo, ndi alimi akhama, ndipo mpunga wa ku Chama udziwika ndi fungo lace mpaka m'misika ya mu Lusaka. Koma mlimi wa m'cigwa alimbana ndi adani ambiri: caka cina madzi asefukira ndi kukokolola munda, caka cina mvula ithawa, ndipo caka cimene mvula yagwa bwino njovu zilowa usiku umodzi ndi kumaliza thukuta la miyezi isanu. Nyengo ya dzinja mitsinje yothira m'Luangwa idzala ndi kudula midzi ina kwa masabata.

Amene aiwala msanga tiwakumbutse za 2011. Caka cimeneco mvuu zambiri zinafa mu mtsinje wa Luangwa ndi matenda a anthrax. Anthu a m'boma la Chama anatenga nyama ya mvuu zakufazo nadya. Oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Akatswiri a zaumoyo amene anafufuza pambuyo pace anapeza kuti cimene cinakankhira anthu ku mitembo ya mvuuzo cinali kusowa cakudya, ndipo ena mwa ofunsidwa ananena poyera kuti akapezanso mvuu yakufa adzadya ndithu. Munthu sadya nyama yodzifera cifukwa ca kupusa. Adya cifukwa m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo ana alira.

Tsono wofuna kufafaniza banja m'buku adziwe kumene alituma. Alituma ku mtembo wa mvuu. Alituma kukachera misampha m'dera losungiramo nyama la Musalangu, kumene bambo akagwidwa apita kundende. Alituma kukakwatitsa mwana wamkazi wa zaka 14 kuti pakhomo pacepe pakamwa pamodzi. Izi ndizo zili pa muyeso, ndipo wolankhula mopepuka za nkhani imeneyi ali wokhuta ayenera kuzidziwa.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Thandizo limeneli silinayambe dzulo, ndipo silinayambe mwacimbulimbuli. Linayesedwa koyamba m'boma la Kalomo mu 2003 pa mabanja pafupifupi 1,000, ndi thandizo la dziko la Germany. Pambuyo pace linafika ku Kazungula, ku Chipata, ku Monze ndi ku Katete. Anansi athu a ku Malawi anayamba lawo, lochedwa Mtukula Pakhomo, m'boma la Mchinji mu 2006. Lero m'Zambia mabanja olandira apitirira miliyoni imodzi.

Mu 2010 Boma linayamba kupereka ndalama kwa mabanja okhala ndi ana aang'ono m'maboma a Kalabo, Kaputa ndi Shang'ombo, ndipo mu 2011 kwa mabanja a akazi amasiye, okalamba olera ana amasiye ndi olemala ku Luwingu ndi ku Serenje. Ofufuza, mogwirizana ndi bungwe la UNICEF, anatsatira mabanjawo kwa zaka zingapo, nayerekeza midzi yolandira ndi midzi yosalandira. Anapeza ciani? Pa ndalama zimene mabanja a ana aang'ono anawonjezera pogula zinthu, pafupifupi magawo atatu mwa anai zinapita ku cakudya. Ana anapeza nsapato ndi mabulangeti. Mabanja anagula nkhuku ndi mbuzi, anakuza minda, ndipo amai ambiri anayamba timalonda. Patapita zaka zitatu, pa kwaca iliyonse imene banja linalandira, zogula ndi zosunga zace zinakwera ndi pafupifupi K1.67, kutanthauza kuti osaukawo anaibereketsa ndalamayo. Za mowa ndi fodya sanapeze kuti zinakwera.

Zimenezi si za Zambia yekha iai. Mu 2014 akatswiri awiri a ku World Bank, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa zofufuza 19 za ku Africa, Asia ndi Latin America kuti aone ngati osauka akalandira ndalama awonjezera kugula mowa ndi fodya. Anapeza kuti pafupifupi ponseponse sizitero, ndipo m'malo ena kugulako kunatsika. Cifukwa cace sicovuta kumva. Mai amene kwa nthawi yoyamba adziwa kuti mwezi wakutiwakuti ndalama idzabwera ayamba kupangana ndi mawa. Kutaya mtima ndiko kumwetsa anthu ambiri, ndipo ciyembekezo ciletsa.

Tsono tifunse: inu amene munena kuti ndalama zithera ku camba, umboni wanu uli kuti? Mukuti munaona munthu mmodzi ataledzera pa tsiku la malipiro. Mwina munamuonadi. Koma simunaone amai makumi asanu amene anapita ku cigayo, ku sitolo ya mcere ndi sopo, ndi kwa telala kukasoketsa yunifomu, popeza iwo sacita phokoso pa msewu. Woledzera mmodzi aoneka kutali, ndipo pa iye yekhayo ena afuna kumangapo lamulo la dziko lonse.

KUMENE ANAYESA ANAPSA MANJA

Popeza maganizo amenewa ndi obwereka, tiyeni tikaone kwa eni ace. Ku America, lamulo la mu 1996 linalola zigawo za dzikolo kupima olandira thandizo. Cigawo ca Michigan cinayamba mu 1999, koma patangopita masabata owerengeka bwalo la milandu linaimitsa nchitoyo, ndipo mu 2003 ciletsoco cinakhazikika pa bwalo la apilo.

Cigawo ca Florida sicinaphunzirepo kanthu. Mu 2011, pansi pa bwanamkubwa Rick Scott, cinalamula kuti aliyense wopempha thandizo la mabanja osowa apimidwe, alipire yekha mtengo wa kupimako, ndipo abwezeredwe ndalama akapezeka wopanda kanthu. M'miyezi inai anapima anthu 4,086. Opezeka ndi mankhwala anali 108 okha, ndiko kunena osakwana atatu pa 100 alionse. Boma la cigawoco linabweza madola oposa 118,000 kwa osalakwa, ndipo zitawerengedwa zonse linapezeka kuti lataya madola pafupifupi 45,000 kuposa zimene linapulumutsa pomana anthuwo. Munthu amene anatengera nkhaniyi ku bwalo anali Luis Lebron, msilikali wakale wa pamadzi amene anali kulera yekha mwana wace. Bwalo linaimitsa lamulolo mu October 2011, linaligwetsa mu December 2013, ndipo bwalo la apilo linavomereza cigamuloco mu December 2014. Oweruza ananena kuti umphawi pa wokha supatsa boma cifukwa cosecha thupi la munthu.

Ku Australia boma linafuna mu 2017 kupima anthu 5,000 olandira thandizo m'madera atatu. Mabungwe a madokotala anakana, ndipo ngakhale nkhaniyo inabwezedwanso mu 2019, siinadutse m'nyumba yaciwiri ya malamulo.

Amenewa ndi maiko a cuma, a misewu yatala kufika pakhomo, a nyumba zopimira m'tauni iliyonse. Ngati iwo analephera ndi kutayapo ndalama, ife tidzapambana ndi ciani? Akulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere. Covala cimene mwini wace anacitaya cifukwa cinamuluma, ife tisacitole ndi kuciyesa ca pa Sabata.

KACIPANGIZO KAMENE KANAMIZA

Tiyerekeze kuti lamulo laikidwa. Lidzayenda bwanji ku Chifunda kapena ku Lundu m'mwezi wa February? Ndani adzapima? Namwino wa pa kacipatala ka kumudzi, amene ali kale ndi mzere wa amai apakati, ana a malungo ndi olumidwa ndi njoka, asiye onsewo kuti ayang'anire nkhalamba zikukodza? Mphunzitsi amene athandiza kulipira ndalama pa sukulu asanduke wapolisi wa makolo a ana ace? Ndalama zogulira tizipangizo, mafuta a galimoto ndi malipiro a opima zidzacokera m'thumba liti, ngati si lomwelo la osauka?

Ndipo pali cinthu cimene olankhulawo sacidziwa kapena acibisa. Kacipangizo kopimira mkodzo mwamsanga kangosonyeza cikaiko, sikagamula mlandu. Adziwa bwino a zaumoyo kuti mankhwala ena a kucipatala akhoza kukasokoneza. Efavirenz, mankhwala amene odwala HIV ambiri m'dziko muno anamwa kwa zaka zambiri, adziwika kuti pa tizipangizo tina aonetsa ngati munthu wasuta camba pamene sanasute. Wodwala khansa amene apatsidwa morphine kuti ululu ucepe adzaoneka ngati wa mankhwala ozunguza bongo, cikhalireco odwala otere ndiwo amene thandizoli linapangidwira. Kuti coona cidziwike pafunika kupimanso m'nyumba zazikulu zopimira, ndipo kucokera ku Chama kudzera ku Lundazi ndi ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 800. Pamene kabotolo kali pa ulendo, ana adye ciani?

Coseketsa koposa ndi ici. Odandaula ambiri adandaula za mowa. Koma mowa ucoka m'thupi msanga, kotero kuti cidakwa cikangopuma tsiku limodzi kapena awiri cidzadutsa pa kupima wamba cikumwetulira. Camba cikhala m'thupi masiku ambiri, kwa osuta kwambiri ngakhale masabata. Tsono lamulo limeneli lidzaphonya cidakwa cimene afuna kugwira, nkugwira wodwala amene amwa mankhwala ace mokhulupirika. Mbiri ikamveka m'midzi kuti mapiritsi a kucipatala acotsetsa munthu m'buku, ndi angati adzaleka kumwa mankhwala awo? Nchito imene dziko lino lagwira kwa zaka zoposa makumi awiri polimbana ndi AIDS tidzaigwetsa ndi manja athu.

Ngakhale kacipangizoko katanena zoona, cilango cigwera yani? Ndalama imeneyi ndi ya banja. Bambo akasuta, amene adzagona ndi njala ndi mwana wa m'giredi 3 amene sanasutepo. Boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022 kuti mwana aliyense aphunzire. Kodi dzanja lamanja litsegule citseko ca sukulu pamene lamanzere lilanda phala la mwana yemweyo?

CITUPA CATSOPANO

Ife a m'Zambia tidziwa fungo la lamulo lotere, cifukwa makolo athu analinunkhiza. Pa nthawi ya atsamunda munthu wakuda anali kuyenda ndi citupa, ndipo mesenjala kapena wapolisi aliyense anali ndi mphamvu yomuimika ndi kumufunsa. Anali kugula nyama pa kawindo pamene mzungu alowa pa khomo. Amuna opita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku WENELA anali kuvulidwa ndi kupimidwa pa mzere ngati ng'ombe za pa msika. Maziko a zonsezo anali amodzi: munthu uyu ndi wokaikitsa kufikira atadzitsimikiza yekha kuti ndi woyera. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa. Mu 1964 tinalandira ufulu. Kodi lero tipange citupa catsopano ca mkodzo, ndi kucipereka kwa amphawi okhaokha?

Malamulo aakulu a dziko lino sanena mobisa. Ndime 17 iteteza munthu kuti thupi lace ndi katundu wace zisasechedwe popanda cilolezo cace, kupatula pa zifukwa zimene lamulo livomereza. Ndime 18 inena kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira mlandu utamupeza. Ndime 15 iletsa kucitira munthu zonyazitsa. Ngati mbala yogwidwa ndi mbuzi pa phewa iyesedwa yosalakwa kufikira bwalo litagamula, nanga agogo amene mlandu wawo ndi ukalamba? Ena adzati, "Sitikakamiza munthu, wosafuna kupimidwa asiye ndalama." Kumeneko ndi kunyoza. Cilolezo cimene munthu apereka njala itamugwira pakhosi si cilolezo.

Tate wa dziko lino, malemu Dr Kenneth Kaunda, pamene anapereka ciphunzitso ca Umunthu mu 1967, anaika munthu pakati pa zonse, nakumbutsa kuti m'mudzi wa makolo athu nkhalamba, wolemala ndi wamasiye anali katundu wa mudzi wonse. A Kaunda sanali kumwa mowa, ndipo anadzudzula ucidakwa kosaleka. Koma kudana ndi mowa sikunawacititse kudana ndi wosauka. Boma la cipani cimodzi linatha mu 1991 ndipo a Kaunda anatisiya mu 2021, koma mwambo wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe unalipo iwo asanabadwe, ndipo ulipobe. Nkhalamba ya ku Tembwe inalima thonje ndi mpunga zaka makumi anai, inalipira msonkho pa sopo ndi palafini aliyense amene inagula, inabala aphunzitsi ndi asilikali a dziko lino. Cimene ilandira lero ndi gawo lace.

PIMANI ONSE KAPENA MUSAPIME ALIYENSE

Akuti ndalama za msonkho ziyenera kutetezedwa. Tivomera ndi mtima wonse. Koma kodi ndi osauka okha amene adya za msonkho? Mlimi wolandira feteleza wa FISP adya za msonkho. Wophunzira wa pa yunivesite wolandira ngongole ya Boma adya za msonkho. Kontilakita wopatsidwa nchito ya CDF, imene inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, adya za msonkho. Phungu, khansala, mlembi wamkulu, ndi ife tomwe anchito a Boma olemba nkhani, tonse tidya za msonkho, ndipo ena alandira pa msonkhano wa tsiku limodzi ku hotela ndalama yoposa imene agogo alandira pa mwezi. Ndani mwa amenewa anapemphedwapo kabotolo? Ngati kupima kuli kwabwino, mzere uyambire kumwamba. Ngati apamwamba aona kuti nkonyazitsa kwa iwo, adziwe kuti manyazi a wosauka alemera cimodzimodzi.

Ndiponso mbiri itiuza kumene ndalama za thandizoli zinasocerapo. Mu September 2018 maiko a Britain, Sweden, Finland ndi Ireland anaimitsa thandizo lawo atamva kuti madola mamiliyoni angapo a Social Cash Transfer sanafike kwa eni ace. Nduna ya unduna umenewo pa nthawiyo, a Emerine Kabanshi, inacotsedwa pa udindo mwezi womwewo, ndipo mu 2021 bwalo linaipeza ndi mlandu wosatsata ndondomeko ya lamulo popereka nchito yolipira ndalamazo. M'midzi mabanja anakhala miyezi osalandira. Palibe nkhalamba ya ku Chikwa imene inasowetsa ndalama zimenezo. Zinasocera m'manja mwa anthu odziwa kulemba ndi kusaina. Wofuna kuteteza thumba la dziko alimbitse owerengera ndalama za Boma, aonetsetse kuti malipiro afika pa nthawi yace, ndipo afafanize maina a mizukwa ndi a abale a akuluakulu amene alowa m'buku mwacinyengo. Kumeneko ndiko kuli nkhondo yeniyeni.

CAMBA NDI KACASU TILIMBANE NAZO MOTANI?

Asatinamizire wina kuti tsamba lino liikira kumbuyo camba. Camba ciononga acinyamata athu, kacasu wapasula mabanja, ndipo boma la Chama, pokhala m'malire ndi Malawi, lili ndi tinjira tambiri todutsira katundu woipa. Koma dziko lili nazo kale zida zace. Bungwe la Drug Enforcement Commission linakhazikitsidwa mu 1989. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la mankhwala ozunguza bongo, pamodzi ndi malamulo olola kulima camba ca mankhwala ndi ca mafakitale kwa okhawo amene ali ndi laisensi. Kusuta ndi kugulitsa camba mwacisawawa ukali mlandu. Tujilijili tinaletsedwa mu 2012. Malamulo amenewa agwira aliyense, wolemera ndi wosauka, ndipo agwira munthu pa zimene wacita. Ndimo lamulo la dziko laufulu liyenera kukhalira.

Tsono a DEC ndi apolisi alondole olima ndi ogulitsa, amene ambiri a iwo sali m'buku la osowa. Khonsolo iyang'ane malaisensi ndi nthawi yotsegulira mabawa, ndipo itseke ogulitsa mowa kwa ana. Mafumu ndi anyakwawa aletse malonda a kacasu pafupi ndi malo olipirira pa tsiku la malipiro. Munthu amene camba kapena mowa wamugwira ukapolo ndi wodwala, ndipo wodwala afunika cipatala. Si bwino kuti banja la ku Chama liziganiza za Chainama ku Lusaka lisanapeze wolithandiza pafupi, kotero ndalama imene ena afuna kutayira pa tizipangizo ipite kukaphunzitsa anamwino ndi alangizi a pa cipatala ca boma ndi tizipatala ta m'midzi.

Nanga pa khomo pamene wolandira aonongadi ndalama? Mudzi umudziwa popanda kabotolo. A komiti amudziwa, anyakwawa amudziwa, mkazi wace amudziwa koposa onse. Nkhani ipite ku komiti ndi ku ofesi ya Social Welfare, munthuyo alangizidwe, ndipo akakanika ndalama iperekedwe m'manja mwa wina wokhulupirika wa m'banja lomwelo. Motero woononga alandidwa mpata, ana nadyabe. Njira imeneyi siifuna ndalama za kunja, ndipo siinyazitsa anthu 99 cifukwa ca mmodzi.

MAU KWA ATSOGOLERI NDI KWA MBADWA ZONSE

Kwa aphungu a Chama North ndi Chama South, kwa makhansala, kwa mafumu athu olemekezeka, kwa atsogoleri a mipingo, a amai ndi a acinyamata, tinena kuti khalani maso. Maganizo amenewa akafika pa msonkhano wanu, funsani mwini wace mafunso anai. Umboni wace uli kuti? Ndalama zopimira zidzacokera kuti? Mwana wa wocotsedwayo adzadya kwa yani? Ndipo iye mwini ali wokonzeka kuyamba kupimidwa? Akalephera kuyankha, mumuuze akhale pansi.

Kwa a makomiti a m'midzi tinena kuti gwirani nchito yanu mopanda tsankho ndi mopanda ciphuphu, pakuti dzina limodzi lolowa mwacinyengo lipatsa adani a thandizoli mwala wotigendera tonse. Kwa olandira tinena kuti ndalama imeneyi ndi mbeu. Gulani cakudya, tumizani ana ku sukulu, sungani nkhuku ndi mbuzi monga anacitira anzanu a ku Kalabo ndi ku Serenje, ndipo mnzanu akayamba kusocera mudzudzuleni inu eni musanadzudzulidwe ndi akunja.

Kwa apamwamba amene aseka osauka pa mowa wawo wa m'mabotolo, tikumbutsa mau a akulu akuti caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Nchito itha, maso acita khungu, ana amwalira kusiya adzukulu. Palibe amene anapangana ndi ukalamba kuti udzamupeza ali ndi cuma. Lamulo limene mufuna kupangira agogo a ku Kambombo lero ndi lomwelo limene lidzakudikirani pa khomo la ofesi tsiku limene mudzafika ndi ndodo m'manja. Dziko lino linamangidwa pa mau akuti Zambia imodzi, mtundu umodzi, ndipo mu mtundu umodzi mulibe mzere wa opimidwa ndi mzere wa osapimidwa.